Chambo cha alamu anga ndi nambala ya madijiti 140

Nkhaniyi inayambira pa kakiyosiki ka alamu anga kumsika kuja ku Mangochi, Loweruka lina kumapeto kwa September dzuwa likuswa mtengo. Alamuwa ndi achimwene awo a mayi a kunyumba kwanga, amakonza mafoni komanso amapanga za ndalama za pafoni pawindo lomwelo, nde ukafika umapeza dzanja lina lagwira soldering iron, lina likuwerenga ndalama za kasitomala, pakamwa aluma ka screw. Ine ndimaphunzitsa masamu pa CDSS ina kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi, ndipo Loweruka ndikasowa chochita ndimakwera kabaza kukakhala pa benchi yawo kumangowasokoneza basi.

Tsiku limenelo kunabwera mayi wina wogulitsa usipa wa ku Makawa, akufuna kutumiza ndalama koma mtima uli m'mwamba, akuti kodi sizikasochera munjira. Alamu anangoti mayi musade nkhawa, izi ndi za makompyuta, kompyuta palibe chimene imalephera. Mayi uja atachoka ine ndinati alamu apa mwanama, ilipo samu ya ku pulaimale imene makompyuta onse a padziko ngakhale ataphatikizana sangaimalize, ndipo kulephera kwawoko ndi kumene kumateteza zinthu zambiri pa intaneti. Anandiyang'ana mmene amandiyang'anira ndikayamba zakusukulu.

"Alamu, dzuwali lakulowani m'mutu eti?"

Ndinatenga kakatoni ka sikirini ya foni nkulemba 83 × 97. Anadina pa calculator, 8051, sekondi imodzi siinakwane. Ndiye ndinati chabwino, tayerekezani kuti 83 ndi 97 simunazione, ndangokupatsani 8051 yokha nkuti ndiuzeni nambala ziwiri zimene ndachulukitsa. Pamenepo calculator ilibe batani lake. Muyenera kuyesa 3, 7, 11, 13, kumangopita mpaka mutagwera pa 83. Ma prime aja, nambala zimene sizigawika ndi china chilichonse kupatula 1 ndi izo zomwe, kuwachulukitsa awiri ndi ntchito ya mwana wa Sitandade 5, koma kubweza mmbuyo kuti upeze awiri amene anabereka nambalayo ndi nkhani ina. Zili ngati kusakaniza ufa woyera ndi wa mgaiwa mu beseni limodzi, aliyense angathe, koma uzani munthu kuti awalekanitse.

Alamu anati kompyuta imayesa mamiliyoni pa sekondi, vuto lili pati. Vuto lili pa kukula. Nambala ikakhala ya madijiti 100, yopangidwa ndi ma prime awiri ofanana msinkhu, aliyense amakhala wa madijiti 50, ndipo ngakhale mutapeza makina oyesa ma prime 1 biliyoni pa sekondi iliyonse osapuma, zaka zimene mungadikire mukazilemba pa pepala ndi nambala ya madijiti opitirira 30. Dziko lonseli ndi nyenyezi zake akuti lili ndi zaka 13.8 biliyoni, nambala ya madijiti 11 chabe. Mu 1977 anthu atatu a ku MIT ku America, Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman, anatenga vuto limeneli nkupangira loko, amene timamutcha RSA potengera zilembo zoyamba za maina awo. Nambala yaikuluyo umaiika poyera aliyense aione, ma prime awiriwo umabisa, ndiwo kiyi. Masamba ambiri a pa intaneti mpaka pano ziphaso zawo zimadalira RSA ya ma bit 2048, imene ndi nambala ya madijiti 617.

Apa ndi pamene pakamwa panga panandipachika, chifukwa ndinawonjezera kuti komabe ya madijiti 100 ine nditha kuiphwanya ndi laputopu wamba. Alamu anaika soldering iron pansi. Anati mwangonena kumene kuti zimatenga zaka zosawerengeka, pano mukuti mutha, nde bodza ndi liti pamenepa? Ndinati zonse ndi zoona, kungoti pali njira ina yosayesa imodziimodzi. Tinagwirana chanza. Iwo azipanga nambala, ine ndiziphwanya, ndikalephera ndiwagulira chambo chachikulu, ndikatha agula ndi iwo, ndipo amene amakhala kuno akudziwa kuti chambo masiku ano si chinthu chobetcherana mwachibwana, chinasowa ndipo mtengo wake umachita kukhala ngati wa mbuzi. Laputopu anandibwereka okha, Dell yakalekale ya ma core awiri, ndiye kuti timaubongo tiwiri towerengera, imene kasitomala wina anaisiya osabweranso, batire lake linafa kalekale. Ine ndinawalembera kapulogalamu ka Python ka mizere yochepa pa kompyuta yawo, mzere wina ukupanga prime woyamba, wina wachiwiri, wachitatu ukuchulukitsa. Ma prime awiriwo amalemba pa kapepala nkukapinda m'kachitini ka ma screw, ine amanditumizira yochulukitsayo pa WhatsApp.

Yoyamba anapanga ya madijiti 60. Ndinaiponya mu pulogalamu yaulere yotchedwa YAFU, ndisanamalize nkomwe kutsegula botolo la madzi ma prime awiri anali pa sikirini. Anatsegula kachitini, kuyang'ana kapepala, kuyang'ana sikirini, kuyang'ananso kapepala. Anati iyi inali yoyesera chabe. Yachiwiri ya madijiti 95 ndinapita nayo kunyumba, inatha usiku womwewo ndisanagone, ndinawatumizira yankho nkuzimitsa foni kuti asandisokoneze tulo ndi madandaulo.

M'mawa mwake anabwera okha kunyumba, akuti adzaone ngati sindinabere mwa kulowa mu kompyuta yawo. Ndiye ndinawakhazika pansi pa mtengo wa mango nkuwaonetsa mmene zimayendera, ndipo gawo limeneli ndi limene ndimalikonda kwambiri chifukwa chiyambi chake ndi chinthu chimene ndimaphunzitsa ku sekondale ana akuyasamula. Difference of two squares. Sikweya ndi nambala imene umapeza ukachulukitsa nambala ndi iyo yomwe, ndipo sikweya ina kuchotsa sikweya ina imaphwanyika yokha, a² − b² ndi (a − b)(a + b). Tengani 8051 uja, muonjezere 49 mupeza 8100, imene ndi 90 × 90, ndipo 49 ndi 7 × 7, ndiye basi 90 − 7 ndi 83, 90 + 7 ndi 97, yatha osayesa prime ngakhale mmodzi. Nzeru imeneyi ndi ya Pierre de Fermat, Mfalansa wa zaka za m'ma 1600 amene ntchito yake yeniyeni inali ya zamalamulo, masamu ankangochita akaweruka. Imagwira bwino ma prime awiriwo akakhala oyandikana, koma akatalikirana imachedwa kuposa kuyesa kuja.

Ndiye anthu anaganiza kuti m'malo modikira sikweya imodzi yathunthu, bwanji osatolera zidutswa nkuzilumikiza. Ndinalemba 2599 kuseri kwa pepala la mayeso akale. Sikweya yoyamba kuidutsa ndi 51 × 51, imene ndi 2601, chotsala 2. Kenako 52 × 52 ndi 2704, chotsala 105. Kenako 53 × 53 ndi 2809, chotsala 210. Palibe chotsala chimene chili sikweya pachokha, koma taphwanyani, 105 ndi 3 × 5 × 7, 210 ndi 2 × 3 × 5 × 7, ndipo ka 2 kaja kali apo. Mukaziphatikiza zitatuzi prime aliyense ali ndi mnzake, 2 awiri, 3 awiri, 5 awiri, 7 awiri, ngati nsapato pakhomo la mzikiti zonse zili ziwiriziwiri, zomwe zikutanthauza kuti 2 × 105 × 210 ndi sikweya, 210 × 210. Ndinasangalala kuti zatheka msanga chonchi, ndinachulukitsa mbali inayo, nambala zimene zabereka zotsalazo, 51 × 52 × 53 kupeza 140556, kugawa ndi 2599, chotsala chinatuluka 210. Mbali zonse 210. Kuchotsera wina kwa mnzake ziro. Palibe chimene ndapeza, ndangotsimikiza kuti 210 ndi 210.

Alamu anaseka mpaka mwana wathu wamng'ono anatuluka m'nyumba kudzaona. "Aphunzitsi, ndi zimene mumaphunzitsa ana a eni akezi?"

Koma zimachitika, ndipo si kulakwitsa, pa nambala ya ma prime awiri pafupifupi theka la maulendo limathera pomwepo, umangofunika kutolera zina. Ndinapitiriza thukuta lili kamukamu, 54, 55, 56, 57, 58 zotsala zake zosathandiza, kufika pa 59 × 59 imene ndi 3481, chotsala 882, ndipo 882 ndi 2 × 21 × 21. Ka 2 kosungulumwa kaja ka pa 51 kapeza mnzake. 2 × 882 ndi 1764, imene ndi 42 × 42. Mbali inayo 51 × 59 ndi 3009, kuchotsa 2599 kutsala 410. Tsopano 410 − 42 ndi 368, ndipo mukafuna HCF ya 368 ndi 2599, nambala yaikulu kwambiri imene imagawa zonse ziwiri, mwa njira ya Euclid ija yogawa nkutenga chotsala, 2599 kugawa ndi 368 kutsala 23, 368 kugawa ndi 23 palibe chotsala. 23. Ndipo 2599 ndi 23 × 113. Alamu anadina pa calculator nkukhala chete, kenako anati mmm.

Chinsinsi chonse chagona pa zotsala zofewa, zimene zimaphwanyika mpaka kutheratu ndi tima prime ting'onoting'ono, ngati 105 ndi 210 ndi 882. Zambiri zimakhala ndi mwala mkati, prime wamkulu amene mnzake simungamupeze, monga 54 uja anatipatsa 317. Pa nambala ya madijiti 95 zofewa zimasowa kwambiri, ndiye funso nkuti uzipeza bwanji osaphwanya chotsala chilichonse pachokha. Carl Pomerance anayankha mu 1981 ndi njira yotchedwa quadratic sieve, ndipo sieve ndi sefa yomweyi ya amayi. Taonani, 7 anagawa chotsala cha 52, ndiye agawanso cha 59, cha 66, cha 73, kulumpha 7 nthawi zonse, simufunika kuyesa, mumangoyenda pa mzere kuika chizindikiro. Mutero ndi 3, ndi 5, ndi ma prime ena masauzande, pamapeto malo amene adzaza zizindikiro ndiwo ufa, ena onse ndi misere yotsala pamwamba pa sefa. Mukatolera zofewa zochuluka kuposa ma prime amene mukugwiritsa ntchito, masamu amatsimikiza kuti gulu lina mkatimo lipanga ziwiriziwiri, ndipo kulipeza ndi ntchito ya matrix, tebulo lalikulu la ma 0 ndi ma 1. Ndi zimene YAFU inachita usiku uja ine ndikudya nsima.

Njira yomweyi ndi imene inachititsa manyazi eni ake a RSA. Mu August 1977 magazini ya Scientific American inasindikiza nambala yawo ya madijiti 129 ndi uthenga wobisika, mphotho $100, ndipo chiyerekezo chinali choti kuiphwanya kungatenge zaka 40 quadrillion, 40 yotsatiridwa ndi maziro 15. Inatha mu April 1994, zaka 17 chabe, anthu odzipereka pafupifupi 600 ndi makompyuta pafupifupi 1,600 anasefa kwa miyezi 8 kumatumiza zofewa zawo pa imelo kwa Arjen Lenstra ndi anzake atatu. Chimene chimandisangalatsa ine nchoti makina okha sakanatha, chinasintha kwambiri ndi nzeru ya kasefedwe. Ndinawauza alamu nkhani imeneyi modzitama, ndipo ndikanadziwa ndikanatseka pakamwa, chifukwa anangofunsa funso limodzi, akuti nde pamene pamayambira kuvuta ndi pati. Ine mopusa ndinawauza zoona, kuti quadratic sieve ntchito yake imawirikiza kawiri pa madijiti atatu aliwonse owonjezera, ndipo kupitirira 100 anthu amasamukira ku njira ina.

Madzulo ake pa WhatsApp panagwa nambala ya madijiti 140. Pansi pake analemba kuti chambo chikhale cha ku Malembo, osati tiana ta ku Malombe.

Nambala ya madijiti 140 mu February 1999 inali rekodi ya dziko lonse pa nambala za mtundu uwu, RSA-140, gulu la akatswiri a m'maiko angapo ndi makina ambirimbiri. Chaka chomwecho mu August anaphwanya RSA-155, ya ma bit 512, msinkhu umene panthawiyo unkagwiritsidwa ntchito kwambiri pa malonda a pa intaneti. Ine ndinali ndi Dell yopanda batire ku Mangochi mu October. Komabe ndinadzilimbitsa mtima ndi nkhani ya Frank Nelson Cole, amene mu 1903 pa msonkhano wa akatswiri a masamu ku New York anaonetsa kuti 2 kuichulukitsa yokha maulendo 67 nkuchotsa 1 ndi 193,707,721 × 761,838,257,287. Nkhani imati anangolemba pa bolodi osalankhula liwu, nkukakhala pansi, ndipo atafunsidwa anati zinamutengera ma Sande a zaka zitatu. Chodabwitsa nchoti Édouard Lucas anali atatsimikiza kale mu 1876 kuti nambalayo si prime, osadziwa amene amaigawa. Mpaka lero zili choncho, kompyuta imakuuza m'kuphethira kwa diso kuti nambala ya madijiti 617 si prime, koma ukaifunsa kuti nanga ana ake ndi ndani imangoti duu. Ngati munthu anapirira ndi choko, ine ndi Dell ndingalephere bwanji.

Njira ya nambala zazikulu chonchi ndi number field sieve, imene John Pollard anaiyambitsa mu 1988 ndipo mu 1990 inaphwanya nambala ya Fermat ya madijiti 155. Cholinga ndi chomwe chija, masikweya awiri, koma imasefa mbali ziwiri nthawi imodzi pogwiritsa ntchito ma polynomial, masamu a algebra aja okhala ndi x, ndipo phindu lake nloti zotsala zimakhala zazing'ono kwambiri poyerekeza ndi nambala imene ukuphwanya, ndiye mwayi woti zikhale zofewa umakula. Ntchito yake imawirikiza kawiri pa madijiti pafupifupi asanu kapena asanu ndi limodzi, osati atatu. Ndinachotsa Windows nkuika Linux, bandulo ya data inathera pa kudawuniloda, nkuika CADO-NFS, pulogalamu yaulere yolembedwa makamaka ndi akatswiri a ku Nancy ku France. Yomweyi ndi imene inaphwanya RSA-250 mu February 2020, madijiti 250, ntchito imene core imodzi ikanaigwira zaka pafupifupi 2,700. Kunena zoona zinandikhudza penapake, kuti chida chimene chinaika rekodi ya dziko chili pa tebulo langa pambali pa mulu wa makope a Fomu 2 osachonga.

Ndiye panayamba mavuto amene a ku Nancy sawadziwa. Kutentha kwa kuno mu October mukukudziwa, ngakhale usiku khoma limakhala likutulutsa moto, ndipo laputopu imene ikugwira ntchito ma core onse osapuma imatentha mpaka osaigwira pansi pake. Fani yake inkalira ngati injini ya boti ikuchoka pa doko, kenako prosesa imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse, ukayang'ana tsiku lomaliza limene pulogalamu ikulonjeza umapeza lasunthira kutsogolo. Ndinaikweza pa njerwa ziwiri kuti mphepo izipita pansi, ndinachotsa chivundikiro cha kumbuyo, fani ya kuchipinda ndinailozetsa komweko, ife tikugona thukuta lokhalokha mu neti. Sabata yachiwiri ndinapeza nyerere zapanga mseu kulowa pa bowo la USB, kaya zinamva fungo la chiyani.

Magetsi athu nawo mukuwadziwa. Laputopu yopanda batire magetsi akangophethira yafa. Mwayi wake CADO-NFS imasunga zimene yatolera ndipo umatha kuyambira pamene inalekera, koma wina ayenera kukhalapo kuti aiyatsenso, ndipo ine masana ndimakhala ku sukulu. Ndinaphunzitsa mwana wathu wamkulu wa Sitandade 7 kulemba lamulo loyambitsira, ndinamulembera pa kapepala nkumata pa khoma, moti pano amadziwa kutsegula terminal koma long division imamuvutabe. Kenako ndinailumikiza ku inveta ya sola, ndipo apa ndi pamene nkhani inafika kwa mayi a kunyumba, chifukwa batire la solalo tinagula kuti ana aziwerengera usiku ndi kutchajira mafoni, osati kudyetsa Dell. Usiku wina magetsi atazima cha m'ma 7, pofika 10 koloko nyumba yonse mdima, inveta ikulira.

"Bambo a ana, chinthu chanuchi chikuwerenga chiyani chimene sichitha?"

Ndinafotokoza za zofewa, za sefa, za ziwiriziwiri. Anamvetsera mpaka kumapeto, chifukwa ndi munthu woleza mtima, kenako anafunsa kuti mayunitsi amene chadya kuyambira tsiku loyamba angagule chambo zingati. Sindinayankhe. Anati inu ndi achimwene anga nonse mutu umodzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo Dell inaletsedwa ku sola, izidya za pa gridi zokha zikakhalapo.

Masiku amenewo ndinkawerenga zambiri za anthu amene amachita zimenezi ngati chizolowezi, ndipo alipo ambiri kuposa mmene mungaganizire. Pali Cunningham Project, imene inayambira pa matebulo a nambala zophwanyidwa a 1925 ndipo anthu akuwonjezerabe, pali NFS@Home kumene aliyense amabwereketsa kompyuta yake kuti isefe nawo, pali ena amene akhala zaka akuthamangitsa nambala 276, kuphatikiza nambala zonse zoichepera zimene zimaigawa nkuphwanyanso yankho lake mobwerezabwereza kuti aone ngati ulendowo udzathe. Phindu la ndalama palibe. Mpikisano wa mphotho umene kampani ya RSA inayambitsa mu 1991 unatsekedwa mu 2007, koma anthu sanasiye, RSA-768 ya madijiti 232 inagwa mu December 2009 mphotho itachotsedwa kale, ndipo matrix yake inali ya mizere pafupifupi 193 miliyoni. Ine ndimawamvetsa. Ukaona nambala ya zofewa ikukwera pang'onopang'ono pa sikirini umakhala ngati msodzi amene waponya chilimira usiku, sukuona kanthu pansi pa madzi koma ukudziwa kuti zikulowa.

Mnzanga wina wophunzitsa physics anandiuza ku staff room kuti ndikutaya nthawi, makompyuta a mtundu watsopano otchedwa quantum computer athetsa zonsezi. Mbali ina akunena zoona, Peter Shor anaonetsa mu 1994 kuti makina otero atakhala aakulu mokwanira angaphwanye nambala zimenezi mosavuta, ndipo nchifukwa chake bungwe la NIST ku America linatulutsa maloko atsopano mu August 2024 osadalira kuphwanya nambala. Koma pamene a IBM anayesa njira ya Shor mu 2001 nambala imene anaphwanya inali 15. Ndinamuuza kuti 15 ngakhale mwana wanga wa long division uja amaidziwa, andibwereke kaye quantum yakeyo ikafika pa 140.

Patatha masabata atatu ndinali ndisanafike ngakhale theka. Alamu Loweruka lililonse amandilandira ndi funso lomwelo, chambo chija chikukula kunyanja kapena, ndipo anayamba kuuza makasitomala kuti aphunzitsi awa akulimbana ndi samu imodzi mwezi wathunthu. Ndiye tsiku lina mwa matama anati alamu mwina nambala ija ndi yolimba kwambiri, ndikupatseni ina muzisankha yofewa. Anatembenukira ku kompyuta yawo, kudinadina kwa masekondi angapo, foni yanga nkulira. Ina ya madijiti 140. Anthu pa benchi kuseka.

Ndili pa kabaza kubwerera, tikuwoloka mlatho mphepo ya mu Shire ikundiwomba, ndinakumbukira mmene anadinira. Mwachangu kwambiri. Alamu anga ndi munthu amene safuna kuchita kawiri chinthu chimene angachite kamodzi, ndipo kapulogalamu kaja ndinakalemba ndine, ndikudziwa kuti ukhoza kuyendetsa mzere wachiwiri ndi wachitatu wokha woyamba osaukhudza. Ndinakumbukiranso za 2012, pamene magulu awiri a akatswiri, lina la Arjen Lenstra lina la Nadia Heninger ndi anzake, anatolera makiyi a RSA mamiliyoni kuchokera pa intaneti nkungofufuza HCF pakati pa kiyi ndi kiyi. Anatsegula masauzande ambirimbiri, ambiri a tizipangizo ngati ma router, chifukwa tizipangizoto tikamayaka koyamba timasankha ma prime mosasakaniza bwino ndiye tiwiri tosiyana timapezeka tatenga prime mmodzi yemweyo. Nambala ziwiri zimene iliyonse payokha singaphwanyike, zikangogawana prime mmodzi, njira ya Euclid ya zaka zoposa 2,000 imazitsegula zonse.

Ndinafika kunyumba osavula nsapato, magetsi mwamwayi analipo. Ndinatsegula windo lina pambali pa CADO-NFS imene inali kubuula ndi sefa yake, kulemba gcd, dzina lina la HCF ija, kumata nambala yoyamba, kumata yachiwiri, enter. Ndinkayembekeza 1, kutanthauza kuti palibe prime amene zagawana. Panatuluka nambala ya madijiti 70. Ndinagawa nayo yoyamba, palibe chotsala, yachiwiri, palibe chotsala. Ndinakhala pa mpando kwa kanthawi ndikuyang'ana Dell ili pa njerwa zake, masabata atatu a thukuta ndi mayunitsi ndi mkangano wa m'banja, ndipo yankho labwera pa nthawi yosakwana kuphethira, kuchokera pa mutu umene ndimaphunzitsa Fomu 1 sabata yachiwiri ya teremu.

Ndinawatumizira ma prime atatu onse. Foni inalira nthawi yomweyo.

"Alamu, mwabera."

Ndinati sindinabere, nambala munandipatsa nokha pamaso pa mboni. Iwo akuti pangano linali loti laputopu iphwanye ndi sefa ija ndinkadzitama nayo, osati kutola kiyi amene mwini wake wagwetsa pakhomo. Ine ndikuti pangano linali loti ndipeze ma prime, njira sitinatchule, ndipo akuba enieni a pa intaneti nawo salimbana ndi khoma pamene windo lili lotsegula. Nkhaniyi inakafika mpaka kwa apongozi ku Mpondasi, amene atamva mbali zonse anati sakumva chilichonse koma ngati pali nsomba ibwere kwa iwo. Loweruka lotsatira alamu anabwera ndi kajumbo, ndikutsegula muli utaka wouma, akuti chambo ndi cha munthu amene wagwira ntchito, wotola amadya utaka. Mayi a kunyumba anaulandira, anauphika ndi tomato, tinadya.

Dell sindinaizimitse. Yankho ndikulidziwa kale, lili pa foni komanso m'kachitini ka ma screw, koma ndikufuna ione yokha, ndipo alamu avomera kuti ikamaliza ndi sefa chambo chibwera, cha ku Malembo. Kapulogalamu kawo ndinakakonza kuti mizere yonse iziyendera limodzi, anachita kundiumiriza. Dzulo ndikuchoka m'mawa inali pa 58 peresenti, ndikubwera madzulo ndinapeza sikirini yakuda, pa soketi pali tchaja ya foni ya mayi a kunyumba, mwana wa Sitandade 7 uja akuti anawauza koma anamuyankha kuti nambala sithawa.